Fodya wa mng'ono wanga ku Njombwa

Wandikakamiza kufotokoza izi ndi mwana wanga wamkazi, uja amaphunzitsa masamu ku Chulu. Ankandiuza kuti thumba loyamba likalemera ngati lachiwiri, lachiwirilo ngati lachitatu, ndiye kuti loyamba ndi lachitatu n'chimodzimodzi. Ndinati pa sikelo n'zoona, koma pa maso ayi, ndipo ndinamukumbutsa za mayi ake aang'ono.

Mng'ono wangayo anakwatiwa chitengwa ku Njombwa. Amuna ake atamwalira, alamu ake anati mkazi sangathe fodya, ndipo mabelo akabwezedwa ku okushoni munda autenga. Kulima analima bwino, chigafa chinadzaza. Koma wosankha masamba anali malemuwo, iye ntchito yake inali kumanga ndindi basi, timitolo ta masamba osankhidwa kale.

Ndinapita kukamuona pa njinga yakabaza, ngakhale ine njinga ndimaiopa, chitenje chinandikodwapo mu sipoko ndili mtsikana, chipsera chilipobe. Ndinamupeza m'chigafa, mphuno zili bii ndi fumbi la fodya, mulu wa ndindi pambali. Anandionetsa mmene amachitira: tsamba lililonse ankaliyerekeza ndi limene wangoliika kumene, zikafanana n'kuphatikiza. Ndinayang'ana awiriawiri, zoona, kusiyana kwake sikunkaoneka.

Kenaka ndinasolola ndindi yapansi penipeni, n'kuigundanitsa ndi yapamwamba. Ina yowala ngati uchi, inayo yoderapo ngati tiyi wopanda mkaka. Ogula akaona zotere m'belo limodzi amati n'losakaniza, amalibweza.

Mng'ono wanga anakhala pansi, manja m'mutu.

“Achemwali, ndalakwa pati? Palibe tsamba ndaika losafanana ndi linzake.”

Ndinalibe pomuloza, chifukwa panalibedi tsamba limodzi lolakwa. Lililonse linkangodera pang'ono kuposa linzake, pang'onopang'ono mpaka kufika kutali.

Tinamasula mulu wonse, iye akulira, ine ndikumunena kuti misozi inyowetsa fodya achite nkhungu. Pa giredi iliyonse tinapachika tsamba limodzi pamtanda, ena onse n'kumayerekeza ndi lomwelo. Msana unandipweteka mpaka ndinagona chafufumimba masiku angapo. Mabelo anapita, palibe linabwerako. Alamu aja nkhani ya munda sanaiyambenso, mpaka lero mng'ono wanga akulima yekha.

Mukawerenga, kauzeniko ena, makamaka amayi amene chaka chino alowa m'chigafa okha koyamba.