Nkhanga pa Njinga za ku Katowo

A Hezron Chavula anabadwira ku Mwazisi, m'nyumba ya mkulu wa mpingo amene ankafuna kuti ana ake onse adzakhale aphunzitsi. Abale awo anakhaladi aphunzitsi. Koma iwo sukulu inawakana, chifukwa aphunzitsi akamalemba masamu pa bolodi, iwo ankajambula ng'ombe ndi mathirakitala. Bambo awo atatopa ndi kulangiza anawapezera ntchito pa esiteti ya fodya, ndipo kumeneko ndiye anagwira bulashi koyamba, kulemba manambala pa zitseko za zigafa.

Atakula anasamukira ku Katowo n'kuyamba kulemba zikwangwani za magolosale. Dzanja linali labwino, mizere yowongoka ngati yapamakina. Vuto linali m'maso. A Chavula sankasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira, ndipo sankauza munthu.

Tsiku lina akujambula mwendo wa mbuzi pakhoma la butchala, mtsikana wina amene ankagwira ntchito yoyeza ana pa sikelo ku chipatala anaima kumbuyo kwawo. Dzina lake linali Rahab Luhanga.

"Nyama imeneyi ndi ya liti?" anafunsa.

"Bwanji?"

"Yabiriwira. Angagule ndani?"

A Chavula anadziwa kuti agwidwa. Koma Rahab sanaitane anthu kuti adzaseke. Anawerama, natenga chitini cha penti yofiira, n'kuwapatsa m'manja. Chaka chotsatira anakwatirana, ndipo kuyambira pamenepo panalibe chikwangwani chimene chinkachoka pakhomo mkazi wawoyo, NyaLuhanga, asanachione. A Chavula anasiyanso kubisa. Ankanena poyera kuti mizere ndi yawo, mitundu ndi ya mayi.

Anakhala choncho zaka zambiri, nalera ana mpaka onse anapita kukakhala ku Mzuzu ndi ku Karonga. Ntchito ya njinga inabwera a Chavula imvi zitayamba kale. Anyamata a kabaza anachuluka pa Katowo, ndipo aliyense ankafuna kuti njinga yake izidziwika patali. Woyamba kubwera anali Fiskani Munthali, wapampando wa a kabaza, munthu wothamanga kwambiri moti amayi ena ankakana kukwera njinga yake. Anabweretsa mphira wotchinga matope wakumbuyo kwa njinga nati amujambulirepo mkango. Anzake ataona, nawonso anabwera. Posakhalitsa njinga yopanda chithunzi cha a Chavula inkaoneka ngati yobwereka.

Kenako NyaLuhanga anagwa ali kudimba. Anali matenda a sitiroko. Atatuluka m'chipatala, mkono ndi mwendo wakumanja zinali zitafooka, ndipo mawu anali atathawa. Anatsala ndi awiri okha a chilankhulo chakwawo: "yewo" pothokoza, ndi "yayi" pokana.

A Chavula anatseka kashedi kawo ka pamsika. Anaphunzira kusinja nsinjiro, kuchapa zofunda, ndi kumanga duku pamutu pa mkazi wawo, ngakhale poyamba linkapendekeka. M'mawa ankawanyamula n'kukawakhazika pampando pakhonde. Mabulashi anauma m'chitini.

Amene anawabwezera pa ntchito ndi Fiskani yemweyo. Anafika masana ena ndi mphira watsopano, nauika pansi pafupi ndi mapazi a NyaLuhanga.

"Adada, wakale uja wang'ambika," anatero. "Sindikukukakamizani. Ndingousiya pano."

A Chavula anati sangathe, poti wosankha mitundu akudwala. Koma NyaLuhanga anamenya mpando ndi dzanja lamanzere, naloza m'nyumba momwe munali zitini. A Chavula anazitulutsa, nazindandalika pansi. Atanyamula chimodzi, mayi anati, "Yayi." Atanyamula china, anagwedeza mutu kuvomera. A Chavula anatembenukira kukhoma kanthawi, ngati akufuna nsanza yopukutira m'manja.

Ntchito inasamukira pakhonde, ndipo zithunzi zinasintha. Mikango ndi ziwombankhanga zinachepa. NyaLuhanga, pokhala tsiku lonse akuyang'ana pabwalo, ankaona zinthu zimene anthu oyenda saziona: bilimankhwe pa mtengo wa gwafa, mwana wa mbuzi akuyesa kukwera pa mtondo, duwa la dzungu litatseguka m'mawa. Ankaloza, amuna awo n'kujambula. Anyamata poyamba ankadandaula kuti bilimankhwe si nyama ya munthu wothamanga, koma anazolowera, mpaka anayamba kunyadira.

Chilimwe china pa Katowo panafika galimoto ya kampani ina ya zakumwa ya ku Lilongwe, itanyamula zokuzira mawu, matisheti ndi makatoni a chakumwa chatsopano cha malambe. Ankafuna achinyamata. Wotsogolera gululo anali Yamiko, mtsikana wa ku Dedza wodziwa ntchito yake. Sanachedwe kuona kuti pa Katowo chimene chimafika paliponse si wailesi kapena chikwangwani, koma kabaza. Anaitana anyamata nawapempha kuti amate zomata za kampani kumbuyo kwa njinga zawo.

Fiskani anayang'ana chomatacho, nayang'ana mphira wake.

"Asisi, apa pali kale mwini," anatero. "Tisheti tivala, koma chithunzi cha adada Chavula sitingachiphimbe."

Yamiko sanakangane naye. Anazungulira njingazo imodziimodzi akuyang'ana, kenako anapempha kuti amuperekeze kwa wojambulayo.

Anapeza a Chavula akumwetsa akazi awo tiyi. Anagwada, napereka moni kwa onse awiri, nafotokoza chimene wabwerera. Kampani inali yokonzeka kugula mphira watsopano wa njinga zonse, bola pajambulidwe botolo lawo m'mitundu yawo, buluu ndi yoyera.

A Chavula anavomera kuyesa. Mawa lake anajambula botololo bwinobwino, lofanana ndendende ndi la pakatoni. Yamiko atabwera kudzaona, anati lili bwino, koma mawu ake anali ozizira. NyaLuhanga anangoyang'ana kamodzi n'kutembenuzira nkhope kumbali.

"Sanalikonde," anatero Yamiko.

"Sanalikonde," anavomera a Chavula. "Ine ndemwe silikundiuza kanthu."

Nthawi yomweyo nkhanga za pakhomo loyandikana zinadutsa pabwalo zikutola nyenyeswa za chimanga. NyaLuhanga anakoka malaya a amuna awo naloza.

"Zikusokoserani? Ndizithamangitse?"

"Yayi."

Analozanso, kenako analoza chitini cha buluu, nabwereranso ku nkhanga. Woyamba kumva anali Yamiko. Anadzuka, nasendera pafupi ndi mbalamezo, naona khosi la buluu ndi timadontho toyera thupi lonse.

"Amama akuti mitundu yathu ili apa," anatero akuseka pang'onopang'ono.

Madzulo amenewo a Chavula anajambula nkhanga ikuthamanga, khosi litatambasuka, kabotolo kali pansi pa phiko. Yamiko anajambula pa foni n'kutumiza kwa mabwana ake. Iwo anayankha kuti botolo lachepa. A Chavula analikulitsa pang'ono. Mabwanawo anafunanso kuti pansi palembedwe mawu awo otsatsira malonda, achingerezi. Apa Yamiko analimbikira pa foni nthawi yaitali, akuyendayenda pansi pa gwafa, mpaka anagwirizana kuti mwini njinga aliyense asankhe yekha mawu ake. Fiskani anasankha a Chitumbuka akuti "Tikufika Makora," kutanthauza kuti timafika bwino. Wina analemba dzina la mwana wake wamkazi. Wina, amene chibwenzi chinali chitangomuthera, anati alembe kuti "Ndili Bwino Ndithu."

Masiku amenewo Yamiko ankabwera pakhondepo ngakhale popanda chifukwa. Ankathandiza kutsuka mabulashi. Tsiku lina anauza a Chavula kuti bambo ake nawonso anadwala matenda omwewa iye ali ku koleji, ndipo anamwalira iye asanazolowere kuwamvetsa.

"Ndinkangowafunsa mafunso ambirimbiri," anatero. "Sindinkadikira."

"Inenso poyamba sindinkadikira, mwana wanga," anayankha a Chavula. "Munthu umachita mantha ndi chete."

Ntchito itatha, Yamiko anapempha kujambula kavidiyo kakafupi koti achinyamata aone pa mafoni, a Chavula akufotokoza komwe amatenga maganizo a zithunzi zawo. Iwo anati zimenezo afunse kaye mwini wake. A Chavulawo anagwada pafupi ndi mpando nafunsa m'Chitumbuka ngati akulola kuti anthu awaone mmene alilimu. NyaLuhanga anaganiza nthawi ndithu. Kenako anagwira duku limene anavala nati, "Yayi," naloza kuchipinda. Ankafuna lija la pa Sabata.

M'kavidiyoko a Chavula sanalankhule zambiri. Anati sanapiteko ku sukulu ya zojambula, ndipo sanayendeko kutali. "Ndimayang'ana kumene akuyang'ana mayiwa," anatero. "Akaloza, ndiye kuti pali kanthu." Kanafalikira ndithu. Ana awo ku Mzuzu anaimba foni kuti anzawo kuntchito akuwafunsa ngati amenewo ndi makolo awo.

Kampaniyo sinakhalitse. Mvula itayamba inapita kukathandiza mipikisano ya mpira m'maboma ena, ndipo Yamiko anatumizidwa kum'mwera. Amaimbabe foni nthawi zina, napempha kuti aiike pakhutu pa amama, n'kumawasimbira za kuntchito. Chakumwacho pa Katowo ena anachikonda, ena anati n'chowawasa. Nkhanga zinatsala pa njinga mpaka matope ndi dzuwa zinazifufuta, ndipo eni ake anabwera kudzajambulitsa zina.

A Chavula tsopano msana ukuwavuta. Sangathenso kupalasa njinga atanyamula akazi awo kupita kutchalitchi monga ankachitira zaka zoyamba za matendawa. Sanapemphe munthu, koma a kabaza anakhala pansi nagawana Masabata. Amafika m'mawa ndi njinga yopukuta, khushoni atayalapo chitenje. Awiri amakweza NyaLuhanga, a Chavula n'kumayenda pambali atawagwira kumsana.

Likakhala Sabata la Fiskani, anthu a pamsika amatuluka m'mashopu kudzaonerera, chifukwa ndi tsiku lokhalo limene amamuona akuyenda pang'onopang'ono. Sapalasa n'komwe. Amatsika n'kumakankha, akuzemba kamwala kalikonse, mpaka pakhomo la tchalitchi.