A Phokoso ndi Makina Osalira

Achimwene anga aakulu sadziwa kunong'ona. Akati akuuzeni chinsinsi, anthu a nyumba yachitatu amayamba kugwedeza mitu kuvomereza. Kuntchito anawapatsa dzina loti a Phokoso, ndipo iwo analilandira ndi manja awiri. Nanga munthu amene wakhala moyo wake wonse pampando wa ekisikaveta, makina aja okumba ndi mkono umodzi, akanaphunzira kuti kuyankhula motsitsa?

Anayamba ntchitoyi ine ndikadali mwana wasukulu. Bambo athu atatisiya, iwo anatula mabuku pansi n'kukalembedwa ntchito yopaka girizi pakampani ina yomanga misewu. Anakwera pang'onopang'ono, kuchoka pansi pa makina mpaka kukakhala pampando. Sukulu yonse imene ndinaphunzira ine inatuluka m'chibaketi cha makina amenewo. Nditatsegula kakampani kanga kokumba maziko ndi ngalande, sindinafunse n'komwe kuti dalaivala akhala ndani. Iwonso sanafunse. Anangofika m'mawa ndi ovolosi yawo n'kukwera. Pamapepala bwana ndine, koma pabwalo la ntchito amandiitana kuti "iwe", ndipo ndimathamanga.

Makina amene tinayamba nawo tinawagula akale, kwa munthu amene nayenso anawagula akale. Antchito anawatcha Chidakwa, ndipo dzinalo silinali lonamizira. Mukamuthira dizilo m'mawa, dzuwa lisanafike paliwombo wayamba kale kupempha wina. Utsi wake unkadetsa zovala zimene anthu oyandikana nafe ayanika. Kulira kwake ndiye musanene. Chidakwa akadzuka, pakamwa pa aliyense pankasowa ntchito. Kapitawo wathu, bambo wamfupi wosakonda zolongolola, ankaima kutsogolo kwa makina n'kumayankhula ndi manja: chala chikazungulira m'mwamba ndiye kuti kwezani, chikhatho chikaloza pansi tsitsani, akakunga chibakera imani. Achimwene sankachotsa diso pa manja amenewo. Ngalande zawo zinkatuluka zowongoka moti amisiri ankaponyamo chingwe mongokwaniritsa lamulo.

Kenako dizilo anakwera mtengo, n'kukweranso. Ntchito zinayamba kutidutsa pakhomo ngati sitikuoneka. Mkulu wina womanga nyumba zambiri, amene ankatipatsa ntchito zotidyetsa chaka chonse, anandiitanira pambali. Mafuta pantchito zake amagula ndi iye.

"Achimwene anu ndimawafuna," anatero, "koma makina anuwo amandimwa magazi. Mukabwere ndi ena, apo ayi tisiyane bwinobwino."

Choncho ndinayamba kuyendera ogulitsa makina. Ine ndinkaganiza kuti kusankha n'kungoloza chachikulu ndi chowala. Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wogulitsa, wovala nsapato zachitsulo kumapazi, yemwe asananene mtengo anayamba wandifunsa kuti timakumba chiyani, mozama bwanji, dothi lake lotani. Anati makina aakulu pantchito yaing'ono ali ngati kutuma lole kukagula mchere. Anandionetsa kuti dizilo wambiri sathera pokumba ayi, amathera podikira: lole yonyamula dothi ikachedwa, injini imangobangula chabe, mkono uli m'malere. Makina atsopano amadzitsitsa okha mukangochotsa manja pa zogwirira, ndipo mukachedwa kwambiri amadzizimitsa. Ali ndi kabatani kosankhira mphamvu, ya dothi lofewa payokha, ya miyala payokha. Anandiuzanso kuti ndisaiwale kufunsa ngati zipangizo zake zimapezeka, chifukwa makina osamwa mafuta koma ongokhala pansi kudikira sipeya ndiye odula kuposa onse.

Pamapeto pake panatsala awiri. Ena anali mtundu womwewo wa Chidakwa, ongocheperako zaka, okonzedwa bwino, akumwa mwaulemu pang'ono koma kukamwa kwake komweko. Enawo anali atsopano, ocheperako thupi, a kanyumba ka magalasi, olira ngati firiji.

Achimwene anawazungulira atsopanowo manja ali kumbuyo, nkhope itachita tsinya.

"Makina osalira ndi makina odwala," anakuwa motero, mayi wogulitsa ali pomwepo. "Iwe, tenga awo. Awa ndi oseweretsa ana."

Ndinaseka. Ndinkati ndi liuma la anthu akale, amene amakhulupirira kuti mankhwala osawawa sachiritsa. Mayi uja sanakhumudwe. Anati abweretsa atsopanowo pamalo athu antchito kuti achikulirewo awayese okha.

Tsiku loyesalo tinali kukumba ngalande kuseri kwa nyumba zosamalizidwa. Makina atalizidwa, tonse tinayang'anana. Wailesi ya mlonda inkamveka. Mawilibala ankamveka kulira matayala. Kapitawo anasangalala ngati wamasulidwa m'ndende: anapisa manja m'matumba, n'kukaima chapambali pamthunzi wa khoma, kumene sanaimeko chiyambire. Kwa nthawi yoyamba tinamva kuti bamboyu ali ndi mawu, ndiponso nthabwala.

Achimwene anakumba mokoma. Ndinene zoona, mtima wanga unadzaza. Chibaketi chinkalowa, kutuluka, kutembenuka, kukhuthula, osataya dothi ndi pang'ono pomwe. Munthu ankati sakuwafuna makinawo, koma manja awo anali atagwirizana nawo kale.

Atayandikira pakona, kapitawo anati, "Pamenepo basi, a Phokoso. Paipi ya madzi ili pompo."

Chibaketi chinakwera, n'kuyambanso kutsika.

"A Phokoso, imani!"

Zenera la kanyumbako linali lotsegula. M'ngalandemo munali bambo wina wa fosholo, amene ankasalaza m'mbali. Tinakuwa tonse, ine, kapitawo, mayi wogulitsa, mpaka mlonda. Achimwene maso awo anali kutsogolo, pamalo amene kapitawo amaima masiku onse, ndipo pamenepo panalibe munthu. Wa fosholo uja anadziponya kumbali. Mano a chibaketi anatsika n'kuboola paipi, madzi n'kuthovokera m'mwamba.

Anatsika pamakina atakwiya, madzi akuwanyowetsa.

"Nanga anthu onsewa, palibe ndi mmodzi yemwe wondiuza kuti pali paipi?"

Kapitawo anatulutsa manja m'matumba n'kumawayang'ana ngati ndi amene alakwa. Wa fosholo anakhala pamulu wa dothi. Achimwene anatiyang'ana mmodzimmodzi, ndipo ndinaona mkwiyo ukuchoka pankhope pawo, n'kubwerapo chinthu china chimene sindinachionepo. Anali mantha. Anatola chipewa chawo n'kunyamuka.

Madzulo ake ndinapita kunyumba kwawo ndikudziwa kuti iwo kulibe. Alamu anga ndinawapeza akusita pakhonde. Ndisanamalize n'kufotokoza komwe, anaimika simbi.

"Ndiye mwadziwa lero, alamu?"

"Inu munkadziwa?"

"Ine ndimagona nawo nyumba imodzi. Mumaona ngati ndimawagwira paphewa ndisanayankhule chifukwa cha chikondi? Chikondi chilipo, koma si chokhacho." Anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. "Amawerenga milomo. Mukawayang'ana, amva. Mukatembenuka, mwayankhula ndi khoma. Kuchipatala tinapita, anati phokoso la zaka zonsezi linawononga m'kati, sizibwereranso. Anawapatsa kachipangizo koika m'khutu, koma ati pamakina kamangoliza likhweru. Kali m'kabati umo."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Akuuzeni kuti chiyani? Kuti mng'ono wanga, ndichotse ntchito? Pa Chidakwa paja nonse mumakhala ogontha, alamu. Iwo amakhala munthu ngati wina aliyense."

Ndinabwerera kunyumba mutu utalemera. Njira yophweka inalipo, ndipo ndisaname, inandikoka. Ndikanagula makina aphokoso aja, kapitawo akanabwerera kutsogolo ndi manja ake, tonse tikanakhalanso ogontha limodzi, ndipo nkhani ya paipi ikanasanduka nthabwala. Achimwene akanakalambira pampando wawo. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo fupa limeneli ndi limene linandisenza ine.

Koma mkulu womanga nyumba uja akanatitaya, ndipo pakampani pathu sipadya banja limodzi. Ndinayesa kupeza njira yapakati. Ndinamufunsa kapitawo ngati sitingagule atsopanowo n'kumapitiriza kuyankhula ndi manja monga kale. Anakanda m'mutu nthawi yaitali.

"Bwana, manja angathe," anatero. "Koma makina atsopanowa akamatentha amachenjeza ndi kabelu. Munthu akadutsa kumbuyo, kabelu. Ndipo ine ndili ndi maso awiri okha. Kale ndinkalowetsa anthu m'ngalande mtima uli m'malo chifukwa sindinkadziwa. Pano ndadziwa. Wa fosholo uja ali ndi ana, bwana."

Sindinamutsutse. Ndinapita kwa mayi wogulitsa n'kumuuza kuti tatenga atsopanowo. Anandifotokozera za mafuta amene tidzapulumutse, ine n'kumangovomera, osamva kukoma kulikonse. Sanafunse za achikulire aja, ndipo ndinamuthokoza mumtima.

Chinatsala n'kuwauza eni ake. Ndinazengereza masiku angapo, kenako m'mawa wina ndinawapeza m'shedi momwe timasungira zida. Anali atagwada pambali pa Chidakwa, akupopera girizi m'mfundo za mkono, ngati kuti makinawo ali ndi ulendo mawa. Anali atandifulatira. Ndinaona imvi kumbuyo kwa mutu wawo, ndi ovolosi yothothoka m'mapewa.

Ndinaima pakhomo n'kuyamba. Ndinawauza kuti ndagula makina osalira aja, ndipo pampando pakhala munthu wina. Ndinati sindikuwataya, adzaphunzitsa dalaivala watsopanoyo ndi kuyang'anira ntchito yonse, chifukwa diso lawo palibe wina ali nalo. Ndinati ndikudziwa kuti makutu amenewo anathera pa ine, kuti ndikhale m'kalasi iwo ali m'fumbi, ndipo ndilibe chowabwezera. Ndinawauza kuti ndimawakonda, mawu amene chibadwire sindinawauzepo. Mawu anabwera okha, osapunthwa, mpaka ndinadabwa kuti ndi ine. Nditamaliza ndinapukuta m'maso n'kudikira.

Pampu ya girizi inapitiriza kulira, tswii, tswii.

Ndinazungulira mkono wa makina n'kukaima patsogolo pawo. Anadzutsa mutu, nkhope n'kuwala.

"Iwe! Wafika nthawi yanji?" anakuwa. "Tandipatsira chisanza icho."

Ndinawapatsira. Anapukuta manja chala chimodzichimodzi, kenako anakhazikika pachidebe, maso awo ali pamilomo yanga, kudikira kuti ndiyambe.