Thanki ya a Pang'ono Itadzaza

Dzina loti a Pang'ono anawapatsa ndi ogulitsa mafuta. Akaima pampopi, asanatsitse n'komwe galasi, mayi wothira mafuta ankayamba kale kumwetulira.

"Lero tithire bwanji, bambo?"

"Pang'ono, mwana wanga."

Kamuvi kosonyeza mafuta m'galimoto yawo sikankadziwa kuti kumtunda kuli chiyani. Ndipo mafuta akathiridwa, iwo ankatsika kukatseka okha chitsekero cha thanki. Ankati chimene watseka wekha sichikusowetsa tulo.

Bambowa anali telala. Anasoka pakhonde la sitolo ya nsalu kuyambira tsitsi lili lakuda mpaka pamene ulusi unayamba kuzemba bowo la singano. Zapatali ankaona bwinobwino, zapafupi n'zimene zinawakana. Makina anapatsa amayi a kutchalitchi, koma choko cholembera nsalu anasunga m'kachitini ka mabatani. Akazi awo atatsogola, chimene chinatsala choti chiziwadzutsa m'mawa chinali galimoto yakale yobiriwira, yoima pansi pa mtengo wa mango. Ankanyamula okalamba anzawo kupita nawo kutchalitchi, ndipo tsiku lotenga mankhwala kuchipatala mpando wakumbuyo unkadzaza ndodo ndi madandaulo a maondo.

Loweruka lina mwana wawo wamkazi, amene amakhala kutali, anabwera kudzawaona. Atapita nawo pampopi anawalanda mawu.

"Dzazani mpaka pakhosi. Ababa atopa n'kuyendera fungo."

Fungolo analipezadi atafika kunyumba. Linadzaza pabwalo ponse, ndipo pafupi ndi tayala lakumbuyo panali ponyowa, kukula ngati mbale. Aneba awo, mayi wogulitsa makala, anasuzumira pampanda.

"A Telala, mukufuna tipsere limodzi? Ine kuno ndili ndi matumba a makala."

Mwana wawo wamwamuna, woyamba kubadwa, amakhala ndi banja lake m'nyumba yakuseri. Anatuluka, n'kugwira chitsekero, n'kuchipotokola. Chinasuntha pang'ono.

"Simunatseke, ababa."

"Ndinatseka."

"Nsimbi ija munatinso munazimitsa."

Za nsimbi zinali zoona. Mwezi wapitawo anaisiya yoyaka pamalaya mpaka utsi unatulukira pawindo. Mwanayo analowa m'nyumba, n'kuchotsa makiyi pamsomali wa kuseri kwa chitseko, n'kuwaika m'thumba la thalauza lake.

"Muzipuma tsopano. Mudzaotcha agogo a eni ake."

A Pang'ono anayang'ana mwana wamkazi uja kuti awayankhulire. Iye anayang'ana pansi, ndipo zimenezo zinawapweteka kuposa makiyiwo.

Lamulungu anapita kutchalitchi wapansi. Pabenchi ya okalamba panali mipata, chifukwa amene ankawadalira sanapeze wowanyamula. Ulaliki wonse unawadutsa. Ankayesa kukumbukira dzanja lawo likupotokola chitsekero chija, koma chinthu chimene wachita moyo wako wonse sichisiya mapazi m'mutu. Kodi anatsekadi? Pa pemphero lomaliza anaweramitsa mutu, n'kunena chamumtima: "Ambuye, ngati nzeru zanga zayamba kusamuka, ndiuzeni Inu, ndivomera. Koma ndisazimvere kwa mwana amene ndinamusokera kabudula wake woyamba."

Pobwerera anapeza fungo latha. Mwana wamwamuna uja anangoti, "Mwaona? Nditatseka ine, zatha."

M'mawa mwake, mwana wamkazi uja atabwerera kumene amakhala, ena onse atapita kuntchito, anakokera mpando pansi pa mango n'kukhala moyang'anizana ndi galimotoyo. Banga la pansi linali litauma, koma malire ake ankaoneka, ndipo silinalinso mbale. Linali beseni. Ndiye kuti petulo anapitiriza kudontha mwana uja atatseka kale. Anaimirira n'kupititsa chala m'munsi mwa chitsekero. Fumbi la masiku ambiri linali lidakalipo, losanyowapo. Petulo wotayikira pakamwa akanasiya mzere.

Chovala chikamavuta, telala sayamba ndi pakati pa nsalu. Amayamba ndi pamsoko. Anayala thumba pansi, n'kugona chagada, n'kudzikankhira kunsi kwa galimoto, mafupa akulira.

"Mwafa kapena mukupemphera?" anafunsa aneba aja, ataona miyendo yokha.

"Ndikuyeza kasitomala."

Maso sanawathandize kanthu kunsiko, choncho anawatsinzina. Zala zinatsata paipi yachitsulo yochokera pakamwa pothirira, kutsika kuseri kwa tayala, mpaka pamene kapaipi kalabala kamailumikiza ndi thanki. Labalayo anali atauma gwa ngati chikopa cha nsapato yakale. Chikhadabo chinakodwa pakamzere kena, koma ponsepo panali pouma. Anagona choncho kwa kanthawi, akudabwa, kenaka anaseka okha. Petulo anali atadontha mpaka kutsika kunsi kwa mng'aluwo, n'chifukwa chake fungo linatha. Zaka zonsezi "pang'ono" wawo uja ndiye ankabisa chilemacho, pakuti mafuta sankafika pamenepo.

Komabe chikhadabo cha nkhalamba si mboni. Anabwereka chigubu kwa aneba, n'kuuyamba wapansi.

"Galimoto ili kuti, bambo?" anafunsa mayi wa pampopi.

"Ili pachilango, pamodzi ndi mwini wake."

Pobwerera chigubucho chinkalemera pamthunzi uliwonse, ndipo mthunzi uliwonse anaupatsa ulemu wake. Atafika anapukuta kapaipi kaja ndi kansanza, n'kutenga choko cha m'kachitini, n'kukapaka mpaka kuyera mbuu. Anapempha aneba kuti mbaula yawo aisunthire kuseri kwa nyumba, adzukulu anawauza kuti akasewerere kutali, kenaka anakhala pampando kudikira.

Mwana wawo anafika dzuwa likupendeka. Ataona chigubu anapukusa mutu.

"Ababa, mwayambanso?"

"Sindinasiye. Gwira botoloyi."

Linali botolo lodula kunsi, lothirira. Anathira pang'onopang'ono mpaka petulo anaonekera pakhosi.

"Tsopano tseka wekha. Utseke ndi mphamvu zako zonse, zija unatengera makiyi."

Mwanayo anatseka mpaka mitsempha inatuluka padzanja.

"Gwada. Uyang'ane kuseri kwa tayala, pamene ndapaka choko."

"Thalauzali ndi la kuntchito."

"Nsalu imeneyo ndimaidziwa, imachapika. Gwada."

Anagwada. Aneba anatsamira pampanda, manja ali akuda ndi makala. A Pang'ono anaima chilili, atagwira denga la galimoto.

"Maso anga apafupi anapita kale, ndiye uziona ndiwe," anatero. "Chokocho chikakhalabe choyera, ndilowa m'nyumba, ndipo za makiyi sudzazimvanso pakamwa panga."

Atanena zimenezo m'pamene anazindikira kukula kwa chimene alonjeza. Anaona benchi ija ya mipata. Anadziona atakhala pakhonde tsiku ndi tsiku, akudikira kuitanidwa kukadya. Bango linagwa mumtengo n'kugwera padenga la galimoto, palibe analitola.

"Ukuona chiyani?"

"Choyera."

"Yang'anabe."

Mwanayo anasuntha mutu, n'kulowetsa phewa. Nthawi inapita.

"Chayamba kuda," anatero motsitsa mawu. "Kamzere, cham'mbali mwa labala. Kakutalika." Dontho linagwera pafumbi, lina n'kulitsatira.

"A Telala asoka munthu pakamwa," anatero aneba, n'kupita kukatenga beseni lakale loti atchingire.

Mwanayo anatuluka kunsiko maondo ali mbuu. Anapisa m'thumba n'kutambasula dzanja, makiyi ali pachikhatho. A Pang'ono sanawalandire.

"Sunawatenge m'manja mwanga. Ukawabwezere pamsomali."

"Ababa, ine ndimaopa. Utsi uja wa nsimbi sindinauiwale."

"Za nsimbi sindikana. Tsiku langa likubwera, ndipo mwina udzaliona ndiwe ine ndisanalione. Likadzafika udzakhale pansi, udzandiuze ngati munthu. Usadzandilande ngati mwana amene watola mpeni."

Mwanayo analowa m'nyumba, ndipo kuseri kwa chitseko kunamveka kulira kwa makiyi. Atatuluka anaimbira mlongo wake foni, n'kupita nayo kuseri kuti bambo ake asamve mmene akufotokozera.

Galimotoyo sanailize mpaka makaniko atabwera ndi kapaipi katsopano. Pochotsa kakaleko kanathyokera m'manja mwake, ndipo anati n'chisomo chabe kuti sanadzazitsepo thanki pa ulendo wautali. A Pang'ono anati chisomocho amachidziwa, chakhala chikuyenda nawo m'thumba lopanda kanthu.

Lamulungu lotsatira mpando wakumbuyo unadzazanso ndodo. Agogo ena anadandaula kuti anawataya sabata yathunthu, ena anati galimoto ikununkha ngati chitofu. Popita anadzera pampopi.

"Yamasulidwa?" anafunsa mayi uja. "Tithire bwanji?"

"Pang'ono, mwana wanga."

Anatsika, n'kutseka chitsekero okha. Atayenda pang'ono kulowera kuchitseko anaima, n'kubwerera, n'kuchigwiranso. Chinali chothina. Analowa, n'kuliza galimoto.