Chuku chimene sindinachione

Izi sindinauzepo munthu. Mlangizi atabwera ndi maikulosikopu, chipangizo chokulitsa tinthu tosaoneka ndi maso, ku kalabu yathu ya alimi ku Bowe, anati tisuzumire chuku cha pa mtedza. Chimene chimadwalitsa, anatero, chili ndi timitu tobiriwira todzaza timbewu. Ine, wophunzira kuwerenga ndili kale ndi imvi, ndinaikapo diso langa la ng'ala. Ndinangoona nsidze zanga.

"Mwaona zotani, agogo?" anafunsa mlangizi.

"Timitu tobiriwira," ndinabwereza za mayi amene anali patsogolo panga.

Onse anandiombera m'manja, n'kundisankha kuti ndiziyendera nkhokwe za anzanga. Manyazi ananditseka pakamwa, ndipo mpaka lero akadanditsekabe.

M'mawa mwake ndinatapa mtedza wa mlamu wanga, ndinautembenuza m'manja ngati wodziwa, n'kunena kuti, "Ngwabwino uwu, sinjirani mwana phala."