Katoni ya Achemwali Adikirani

Kwathu achemwali anga timawatchula kuti Adikirani. Dzinali anawapatsa ndi aphunzitsi a sitandade folo, chifukwa akafunsidwa funso ankayang'ana pansi n'kunena kuti, "Dikirani kaye." Kalasi yonse inkafa nalo phwete. Pamene yankho linkawafikira, anzawo amakhala ali kale pa funso lachitatu. Atabwereza kalasi kawiri, bambo anati, "Mutu uwu si wa sukulu," n'kuwagulira makina osokera akale.

Wanzeru m'nyumbamo ndinali ine. Ndinkayankha funso lisanathe. Ndinafika ku koleji n'kukhala mphunzitsi wa sayansi, ndipo ngakhale ndine wamng'ono kwa iwo ndi zaka zisanu, pa nkhani za m'banja mawu anga ndiwo ankatseka.

Achemwali asoka pakhonde la nyumba ya amayi kwa zaka makumi atatu: mayunifolomu, madiresi, zigamba za m'mawondo. Nsalu saidula tsiku lomwe ayeza munthu. Amaiyala pa tebulo, n'kumaizungulira, kuisiya, n'kuibwereranso. Makasitomala amang'ung'udza, koma amabweranso.

Bambo atamwalira, achemwali ndi amene ankakhala ndi amayi, omwe anali ndi matenda a shuga. Mwezi wina ine ndinaperekeza amayi kuchipatala, ndipo dokotala anawalembera mankhwala atsopano. Analankhula zambiri, ine ndikungogwedeza mutu, maso ali pa foni. Za shuga ndimaphunzitsa ana chaka chilichonse, nanga akanandiuza chiyani chachilendo? Ndinagula mankhwalawo n'kuwaika pa shelefu, pambali pa botolo la akale.

Pasanapite masiku amayi anayamba kusokonezeka. Anaika nsapato m'kabati ya mbale. Ine ananditchula dzina la malemu mlongo wawo. Ndinawerenga pa foni za matenda oiwalaiwala a ukalamba, ndipo zonse zinagwirizana. Kuyambira pamenepo chilichonse chinasanduka umboni. Akataya makiyi ndinkati ndi zomwezo. Akakumbukira zakale bwinobwino ndinkati odwala matendawa amatero.

Ndinaitana azakhali ndi mkazi wanga pabalaza, n'kuwafotokozera ngati ndili m'kalasi. Achemwali anamvetsera ataima pakhomo, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Achimwene," anatero patapita nthawi, "koma madzulo amayi amakhala bwinobwino."

"Matendawa amapita, amabwera," ndinayankha.

"Zimawayamba cha m'ma teni. Amatuluka thukuta, manja n'kumanjenjemera. Akamwa tiyi wa shuga..."

"Achemwali, ubongo si diresi. Izi tisiyireni ife."

Azakhali anaseka, inenso ndinaseka. Achemwali anabwerera ku makina awo.

Tsiku lobwerera kwa dokotala achemwali anati apita nafe. Zinandinyansa kuwaona atapanira chidutswa cha katoni m'khwapa, ngati akukagulitsa kanthu. M'chipindamo ndinalankhula ndekha nthawi yaitali, ndikuponyamo mawu a Chingerezi. Dokotala, mayi wa imvi wooneka wotopa, anandidula mawu.

"Amagona nawo nyumba imodzi ndani?"

Achemwali anaika katoni ija pa tebulo. Anali atajambulapo mizere ndi choko chosokera, mzere umodzi tsiku limodzi, ndipo tsiku lililonse limene amayi anasokonezeka anaikapo mtanda. Mizere inalipo makumi awiri ndi umodzi. Itatu yokha ndiyo inalibe mtanda.

"Masiku atatuwa ndi Lamulungu," anatero, chala chili pa katoni. "Akamathamangira kutchalitchi amayi amamwa a m'botolo limodzi lokha. Masiku enawa amamwa onse awiri."

Anatulutsa mabotolo awiri aja m'thumba la diresi. Dokotala anawawerenga, n'kuvula magalasi.

"Onse awiri? Ndinanena kuti atsopanowa alowe m'malo mwa akale. Shuga wawo akumatsika mopyola. Mukanawataya mayiwa. Ndinauza ndani tsiku lija?"

Ndinayang'ana mabotolo aja pa tebulo.

"Ine," ndinatero.

Dokotala anatembenukira kwa achemwali. "Nanga inu mwaona zonsezi, simunawasiyitse bwanji?"

"Ndimafuna," anayankha, maso ali pansi. "Koma achimwene ndi amene amadziwa za mankhwala."

Sananene monyoza. Ankakhulupiriradi zimenezo, ndipo amene ndinawaphunzitsa kukhulupirira ndine.

Sabata isanathe amayi anabwerera mwakale, mpaka anandikalipira chifukwa chouza azakhali kuti apenga. Anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi, mutu uli bwinobwino, ndipo mankhwala awo onse ankasunga ndi achemwali.

Kupepesa kunandikanika. Mawu amene amandibwerera msanga kwambiri, apa anandithawa. Patatha mwezi ndinatenga thalauza imene inalibe vuto lililonse, n'kupita nayo pakhonde paja kuti achemwali aifupikitse. Anagwada pansi, mapini ali pakamwa, n'kumapinda m'munsi mwa mwendo. Ndinkayang'ana imvi zapakati pa mutu wawo, zimene ndinali ndisanazionepo.

"Achemwali," ndinayamba, "zija ndinanena pabalaza zija..."

Anachotsa mapini pakamwa, limodzilimodzi.

"Imani mowongoka, achimwene," anatero. "Mwendo wina ungafupike."