Mamendulo a Clarrie

Tsiku limene anavundukula chipilala cha asilikali m'tauni mwathu muno ku Tasmania, Noreen Pybus anawerenga mayina onse kawiri, akulondola ndi chala chifukwa sukulu anailekera panjira. Dzina la mchimwene wake Clarrie panalibe.

Awiriwa anali amasiye. Clarrie anathawira ku usilikali wapamadzi asanakwane zaka, ndipo poopa kubwezedwa analembetsa dzina loti Dunn, limene analiona pachitini cha jamu. Sitima yawo inamizidwa mu 1942. Noreen anatsala ndi mamendulo atatu a munthu amene sanabadwepo.

"Mwanawe, Dunn si wakuno, ndipo Pybus sanapite kunkhondo," anatero wapampando wa komiti ya chipilala. "Ndiye tilembe ndani?"

Noreen sanakangane naye. M'kati mwa sabata ankatumbula nsomba kufakitale, Loweruka n'kumaphunzira kulemba makalata kwa mayi wina wapapositi. Analembera akuluakulu zaka khumi ndi zinayi. Mayankho anali aulemu kwambiri, koma onse ankati ayi. Cholembera chinamuzolowera mpaka abwana anamulanda mpeni n'kumuika mu ofesi.

Perete wa tsiku la Anzac, lokumbukira asilikali, ankamupewa zaka zonsezi. Chaka china analimba mtima, navala mamendulo aja kumanzere, pamtima. Panalibe anamuuzapo kuti kumanzere amavala okhawo anamenya nkhondo, achibale amavala kumanja.

Mlendo wina wa mkono umodzi, Bluey Hartnett, amene anabwera kudzaona mwana wake, anamuimitsa.

"Pepani achemwali, inu munamira pa sitima iti?"

"Ndi a mchimwene wanga awa."

"Ndiye kumanja. Bwerani ndikuthandizeni, dzanja limodzi lomweli."

Pomasula anawerenga dzina m'mphepete mwa mendulo.

"Dunn? Kamnyamata ka makutu ngati mbale? Kaja kankasanza nyanja ili bata?"

"Mwana wa msodzi ameneyo!" Noreen anaseka, misozi ili mbwembwembwe.

"Sitima yathu itamira, kanandikankhira pathabwa loyandama, iko n'kubwerera kukatenga wina. Tsiku lililonse Noreen, Noreen. Ife tinkayesa chibwenzi."

"Noreen wake ndi ine."

Mawa lake Bluey anakalumbira pamaso pa komiti kuti Dunn uja anali mchimwene wa Noreen, Noreen atanyamula makalata onse aja m'bokosi la nsapato. Mmisiri anasema "C. Pybus" pansi penipeni, pomwe panatsala kamalo. Wapampando anafuna kupepesa za malowo, koma Noreen anati ali bwino: pamenepo ndi pamene ana amafikapo ndi chala.

Inu amene mwatopa ndi kuyankhidwa ayi, taganizani. Noreen akanagonja chaka cha khumi ndi chitatu, iye ndi Bluey akanangodutsana pamsewu ngati alendo. Tulukani mukaonekere, ngakhale mutavala molakwitsa. Wokukonzani angakhale yemweyo mwakhala mukumufuna. Osataya mtima.