Mapasa a m'buku la ubatizo

Nditamaliza maphunziro a kompyuta ku Lichinga ndinabwerera kwa amayi ku Msumba ndilibe ntchito yokhazikika. Masiku ena ndinkakwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, kupita ku Metangula kukakonza makompyuta a m'masitolo, masiku ena ndinkathandiza amayi kuyanika usipa. Banja lathu ndi limodzi mwa aja anabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Ine ndinabwera ndili kumsana, ndiye za kutsidyako ndimangozimva kwa akuluakulu.

Lamulungu lina tikutuluka m'mapemphero anandiitana akatekisiti athu, bambo wamtali waimvi amene wakhala akusunga mabuku a ubatizo kuyambira ndisanabadwe. Ananditengera m'kachipinda kovaliramo ansembe n'kutsegula bokosi lachitsulo. Munali mabuku akuluakulu a zikuto zolimba, ena omangidwa ndi ulusi wa ukonde.

"Taona, mwanangu," anatero, akunyamula limodzi mosamala. "Chiswe chayamba kudya kumunsi kuno. Kodi makina unaphunzira aja sangasunge mayinawa?"

Ndinavomera pomwepo, ndisanaganize n'komwe kukula kwa ntchitoyo. Ndinali ndi kompyuta yam'manja yakale ndi kapainelo ka dzuwa kochajira. Kwa masabata awiri ndinalemba kapulogalamu kokhala ndi malo olembapo dzina la mwana, la mayi, la bambo, mudzi, tsiku la ubatizo, mboni, ndi nambala imene wansembe ankalemba kumayambiriro kwa mzere uliwonse m'buku. Kuseri kwake ndinaika chimene kusukulu tinkachitcha baze ya dadosi. Akatekisiti ndinangowauza kuti ndi nkhokwe ya mayina, ndipo dzinalo linakhazikika.

Tinagwirizana kuti tizikumana Lachitatu lililonse m'mawa, iwo akachoka kumunda. Iwo ankawerenga mokweza, chala chili pamzere, ine n'kumalemba. Ntchitoyi ndinaikonda kuposa mmene ndinkayembekezera. Pafupifupi dzina lililonse linali ndi nkhani yake. Uyu anali katswiri wosema mabwato, uyu anakwatiwa ku Likoma, uyu ndi agogo ake a mnzako uja munkaimba naye kwaya. Nthawi zina mzere umodzi unkatitengera theka la ora.

Vuto loyamba linaoneka sabata yachiwiri. Mayina onse okhala ndi zilembo za Chipwitikizi, zija zili ndi kamzere kopindika pamwamba kapena kamchira pansi, ankatuluka atasweka. Pamalo pa chilembocho pankabwera kachizindikiro ka funso. Ndinafufuza tsiku lonse mpaka ndinapeza kuti tsamba lolemberapo linkatumiza zilembo m'kalembedwe kena, pomwe nkhokwe inkazilandira m'kalembedwe kenanso. Nditakonza kuti mbali zonse ziwiri zigwiritse ntchito kalembedwe kamodzi, mayina atsopano anayamba kutuluka bwino. Osweka aja ndinawasaka potsata kachizindikiroko, tinawalembanso limodzilimodzi.

Vuto lachiwiri linali la kusaka. Mabukuwa analembedwa ndi manja ambiri. Ansembe akale ankalemba mwa Chinyanja cha pamishoni, ena anaphunzira sukulu ya Chipwitikizi, ena anabwera ndi kalembedwe ka ku Malawi. Mudzi umodzi womwewo unkapezeka kuti Nkholongue patsamba ili, Nkholongwe patsamba linalo. Kwathu komwe kunali Msumba ndi Messumba. Mayina a anthu ndiye osanena. Ukasaka mwa kalembedwe kamodzi, enawo sankatuluka. Sindinafune kusintha zimene zili m'buku, chifukwa akatekisiti anati dzina likhale monga analilembera mwini cholembera. Ndiye ndinawonjezera danga lina lobisika, momwe pulogalamu inkasungamo dzina lomwelo italifewetsa: nh asanduke ny, qu asanduke k, timizere tapamwamba tichoke. Kusaka kunkachitika m'danga limenelo. M'mawa umene tinkasonkhanitsa zilembo zofananazi akatekisiti anasangalala kwambiri, chifukwa pamenepo mphunzitsi anali iwo.

Panali kanthu kenanso kakang'ono. Tikapuma kumwa tiyi, pobwerera akatekisiti nthawi zina ankabwereza mzere umene tinalemba kale, ndiye munthu mmodzi ankalowa kawiri. Ndinaika lamulo m'nkhokwe: ngati dzina la mayi, mudzi ndi tsiku la ubatizo zafanana ndi za mzere umene ulimo kale, ameneyo ndi munthu yemweyo, ndipo mzere watsopano ulowe m'malo mwa wakale. Dzina la mwana sindinaliike m'lamuloli poopa kuti polemba kachiwiri ndingasiyanitse chilembo chimodzi. Zobwereza zinatha, ndipo ndinadziona wanzeru.

Tinagwira ntchito choncho nyengo yonse ya mvula mpaka mwera unayamba kuwomba. Mabuku anayi anali atalowa.

Lachitatu lina kunafika mayi wina wochokera ku Lunho. Anabwera panjinga yamoto, nsalu yake itafiira ndi fumbi la mumsewu. Anagwada pakhomo kupereka moni, kenako anafotokoza. Iye ndi amuna ake akhala limodzi zaka zambiri, ana akula, ndipo tsopano akufuna kudalitsa ukwati wawo m'tchalitchi. Wansembe wakwawoko anafuna kalata yosonyeza kuti anabatizidwa. Amayi ake asanamwalire anamuuza kuti anabatizidwira kuno ali khanda, banja lisanathawire ku Malawi.

"Mwafika bwino, amayi," anatero akatekisiti. "Buku la zaka zimenezo tinalimaliza. Muona mmene makinawa amafulumirira."

Ndinalemba dzina lake. Sipanatuluke kanthu. Ndinayesa mwa Chipwitikizi, ndinayesa theka la dzinalo, osapezeka. Ndiye ndinasaka ndi dzina la amayi ake. Panatuluka mzere umodzi, ndipo ndinawerenga dzina la mwana limene linali pamenepo.

Mayi uja anati, "Ameneyo si ine. Ndi m'bale wanga. Tinabadwa mapasa. Iye anatisiya tili ku Malawi, tisanayambe sukulu."

Akatekisiti anavula magalasi. "Mapasa amenewo ndikuwakumbukira. Ndinawawerenga onse awiri, mwanangu, ndipo unalemba. Linali tsiku lija mbuzi inalowa m'tchalitchi."

Anatsegula bokosi, anatulutsa buku, ndipo sanachedwe kupeza tsambalo. Mayina awiri anali pamenepo, lina pamwamba pa linzake, inki yofanana, dzanja lomwelo. Mayi uja anali woyamba, m'bale wake wachiwiri.

Sindinafunikire kutsegula pulogalamu kuti ndidziwe chimene chachitika. Mapasa ali ndi mayi mmodzi, mudzi umodzi, ndipo amabatizidwa tsiku limodzi. Lamulo langa lija linaona wachiwiri ngati kubwereza kwa woyamba, ndiye linafufuta woyambayo n'kuikapo wachiwiri. Ndipo linachita zimenezi mwakachetechete, pagalasi la kompyuta n'kulemba kuti zasungidwa.

"Abambo, cholakwa ndi changa," ndinatero. "Si inu, si makina. Ndine ndinawauza kuti azichita choncho." Ndinafotokoza mmene lamulolo limagwirira ntchito.

Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa funso. "Nanga aja ankabwera ndi ana atatu kapena anayi tsiku limodzi? Anthu atabwerera kuchokera ku Malawi tinkabatiza mabanja athunthu."

Zimenezo sindinaziganizepo. M'mutu mwanga mayi ankabatizitsa mwana mmodzi pa tsiku, monga ndinkaonera masiku ano.

Koma choyamba chinali mlendo wathu. Akatekisiti anamulembera kalata yake pamanja kuchokera m'buku, monga ankachitira kale, kuti wansembe akasaine masana. Akulemba, mayi uja anasendera pafupi n'kupempha kuti amuwerengere mzere wa m'bale wake wonse. Anamuwerengera dzina, tsiku, makolo, ndi mboni. Pa dzina la mboni yachikazi, imene kuno timati madirinya, akatekisiti anaima.

"Amayi awa ali moyo," anatero. "Ali ku Nkholongue kwa mwana wawo. Maso anafooka koma mutu uli bwinobwino. Anaimira nonse awiri."

Mayi uja sankadziwa kuti ali ndi madirinya. Anafunsa njira kawiri, ndipo wanjinga yamoto atabwera kudzamutenga anamuuza kuti ayambe alowera kumwera.

Ine ndinatsala ndi ntchito yanga. Chinthu choyamba ndinakopera nkhokwe yonse pa kafulashi, kuti ndikalakwitsanso pokonza ndikhale ndi pobwerera. Kenako ndinayamba kuganiza mmene ndingadziwire amene anafufutidwa. M'nkhokwe munalibe chizindikiro chawo chilichonse, ndipo kubwereza mabuku anayi mzere ndi mzere kukanatitengera miyezi. Ndinakhala pakhonde la amayi masana onse ndikulembalemba papepala. Chimene chinandipulumutsa ndi nambala ija ansembe ankalemba kumayambiriro kwa mzere. Ndinkailemba chabe chifukwa inali m'buku, osaiona ntchito. Koma manambalawo ankatsatana, ndiye munthu akafufutidwa nambala yake inkasowa. Ndinalemba funso loti nkhokwe indionetse malo onse pamene nambala yadumpha, buku ndi buku. Mndandanda unatuluka wodzaza masamba awiri.

Lachitatu lotsatira ndinapita nawo kwa akatekisiti. Tinatsegula mabuku pa nambala iliyonse yosowa. Kwina kunali kudumpha kwa wansembe mwiniyo, kwina chiswe chinadya pangodya ya tsamba ndipo tinasiya dala. Koma ambiri anali ana enieni: mapasa, ndi abale obatizidwa limodzi. M'banja lina la ana asanu munatsala wotsiriza yekha. Wina mwa osowawo anali msuweni wanga weniweni, amene ndimadya naye pafupifupi tsiku lililonse.

Tisanawabwezere ndinachotsa lamulo lija. M'malo mwake ndinaika lakuti chosiyanitsa munthu ndi mnzake ndi nambala ya buku pamodzi ndi nambala ya mzere, chifukwa ziwirizo sizingafanane kwa anthu awiri. Ndipo zikafanana, pulogalamu isafufute kanthu. Iime, ionetse mizere yonse iwiri, ifunse munthu amene wakhala pamakinayo. Ndinayesa kaye pa nkhokwe yokopera ija. Ndinalowetsa mapasa ongopeka, analowa onse. Ndinabwereza mzere umodzi dala, inaima n'kundifunsa. Ndinayesanso ndi banja la ana anayi. Nditakhutira ndi pamene ndinakhudza nkhokwe yeniyeni. Ndinawonjezeranso kuti tikamatseka tsiku lililonse, pulogalamu izinena kuti lero talowetsa kuyambira nambala yakuti kufika yakuti, ndipo pakati pasowa akuti, tizionera pomwepo buku lisanabwerere m'bokosi.

Kubwezera osowawo kunatitengera Malachitatu atatu. Akatekisiti sanandinyoze ngakhale kamodzi. Chimene ananena chokha, tsiku lomaliza tikumanga mabuku, n'chakuti iwonso ali mnyamata analembapo mwana wamwamuna ngati wamkazi, ndipo zinadziwika mwanayo atamera ndevu akufuna kukwatira. Tinaseka, tinamwa tiyi wathu ndi chinangwa chophika.

Patapita mwezi ndi theka wanjinga yamoto uja anabweretsa uthenga wotiitana ku ukwati ku Lunho. Akatekisiti anati msana wawo sungapirire msewu umenewo, ndiye ndinapita ndekha kuwaimira. Tinanyamuka m'mawa, ndipo pamalo awiri tinatsika n'kukankha njinga pamchenga. Katchalitchi kakumeneko n'kakang'ono, kofolera ndi udzu, anthu ena anakhala panja pansi pa mtengo wa mango. Pabenchi yakutsogolo, pafupi ndi mkwatibwi, panakhala amayi okalamba ovala duku yoyera. Anali madirinya aja. Ana a mkwatibwi anakawatenga ku Nkholongue paboti masiku awiri ukwati usanachitike.

Titatuluka mkwatibwi anandigwira dzanja n'kunditengera kwa iwo. "Amayi, awa ndi aja a kompyuta a ku Msumba," anatero.

Agogowo anandipapasa dzanja, anafunsa kuti ndine mwana wa yani. Nditatchula amayi anga anagwedeza mutu, anati ankawadziwa agogo anga aakazi, ankachapa limodzi pamiyala ya kugombe. Kenako anayamba kundifotokozera za tsiku la ubatizo wa mapasawo. Anati anawanyamula onse awiri, wina dzanja ili wina linalo, chifukwa mayi wawo anali asanapeze mphamvu. Mmodzi analira kwambiri madzi atamukhudza, winayo anagona mpaka mapemphero kutha. Mkwatibwi anafunsa kuti wolirayo anali ndani. Agogowo anaganiza kanthawi, kenako anati zimenezo aiwala, ndipo anapempha kuti wina awabweretsere madzi akumwa.